Pa avereji, sindinasochere

Magalasi amene ndavala polemba nkhaniyi ndi omanga ndi tepi yakuda pakati, ndipo amapendekera kumanzere moti mizere yonse ndikuiona ngati ikutsika phiri. Anthu akandifunsa ndimangoti anagwa. Koma sanagwe ayi. Ndinawaika ndekha pansi, mosamala, ndi manja awiri, pakati pa bwalo la mpira, ndipo chimene chinandituma ndi masamu.

Linali Loweruka masana. Mwana wanga wamkazi, amene ali kusekondale, anali patebulo akuponya ndalama yachitsulo m'mwamba, kuiwakha, kuiyang'ana, n'kulemba m'kope. Nditaona kuti zanyanya, ndinamufunsa ngati wayamba juga.

"Ayi Ababa, ndi homuweki. Atipatsa za kuyenda mwachisawawa."

Pa Chingerezi amati random walk. Munthu waima pamzere. Aponya ndalama. Ikagwa mutu uli m'mwamba, aponya phazi kamodzi kumanja. Ikagwa mbali inayo, kamodzi kumanzere. Aponyanso ndalama, asunthanso, mpaka ka 100. Funso loyamba linali lakuti, pa avereji, munthuyu adzapezeka ali pati.

Masamu ndinasiyana nawo kalekale, koma limeneli ndinaliyankha ndisanakhale n'komwe pampando. "Pa ziro. Pomwe anayambira. Kumanja ndi kumanzere mwayi wake ndi wofanana, ndiye zimafafanizana."

Anayang'ana m'buku. "Mwakhoza, Ababa."

Ndikanathera pomwepo, lero bwenzi ndili munthu wolemekezeka pakhomo panga. Koma panali funso lachiwiri: pa avereji, adzakhala atatalikira bwanji ndi pomwe anayambira?

"Limenelo ndi funso lomwe lija," ndinatero. "Aphunzitsi ako akungochulutsa gaga m'diwa. Ziro."

"M'bukumu akuti pafupifupi masitepe 8."

"Buku lalakwitsa. Munthu angakhale bwanji pa ziro, nthawi yomweyo n'kukhalanso pa 8?"

Mwanayo anayesetsa. Anati tiyerekeze kuti ndalama yaponyedwa kawiri kokha: zotuluka zake zilipo zinayi, kamodzi munthu ali masitepe 2 kumanja, kamodzi 2 kumanzere, kawiri wabwerera pakati. Ukamawerenga kumanja ngati phindu ndi kumanzere ngati ngongole, zonse zithera pa ziro. Koma ukangofunsa kutalika, osasamala mbali, uphatikiza 2 ndi 2, ugawa ndi 4, upeza 1. Ine ndinkamva mawu okha, makutu ndinali nditatseka kale. Amayi ake, amene ankasita zovala pakona, anaponyapo lawo: "Abambo, mutakhala ndi ana awiri, wina n'kuthawira kum'mawa wina kumadzulo, mudzawauza apolisi kuti pa avereji onse ali pakhomo?" Ndinawayankha kuti nkhani za sayansi sizifuna zitsanzo zoopseza.

Chimene chinandilimbitsa mtima ndi kankhani kamene kanali m'manotsi a mwanayo. M'chaka cha 1905, katswiri wa masamu wa ku England, Karl Pearson, analemba kalata m'magazini ya Nature kufunsa za munthu amene amayenda kamtunda kofanana mowongoka, n'kutembenukira kulikonse, n'kuyendanso, mobwerezabwereza. Iye kwenikweni ankafuna kudziwa mmene udzudzu umafalikira m'dera. Patangotha sabata, katswiri wina wa sayansi, Lord Rayleigh, anamuyankha kuti masamu amenewo anawathetsa kale mu 1880 pofufuza za mafunde a phokoso. Pearson pothokoza anati phunziro lake n'lakuti malo amene ungayembekezere kwambiri kupezapo woledzera, bola akutha kuimirira, ndi pafupi ndi pomwe anayambira.

"Wamva?" ndinatero. "Ngakhale chidakwa chimabwerera. Akuluakulu anati kuyenda n'kuvina. Tenga kope lakolo, tikayese ndi miyendo."

Tinafika pabwalo la mpira lapafupi cha m'ma 5 koloko madzulo. Udzu unali wosatchetcha, wofika mu akakolo. Foni ndinaisiya kunyumba pachaja. Poti bwalo si mzere, tinagwirizana kugwiritsa ntchito ndalama ziwiri, yaikulu ndi yaing'ono. Zonse zikagwa mutu, ndipita kutsogolo. Zonse zikagwa mbali inayo, ndibwerera chambuyo. Mutu ukakhala pa yaikulu yokha, kumanja. Pa yaing'ono yokha, kumanzere. Ndipo sindinkaloledwa kutembenuka: nkhope iyang'ane kumodzi, thupi lizisuntha chammbali ngati nkhanu.

Titangoyesa masitepe ochepa, mwanayo anandigwira chinyengo. Akuti ndalama ikandilozera kobwerera ndinkatambasula mwendo ngati wodumpha ngalande, ikandilozera kutali ndinkangosuntha chala. Anasolola mpango m'chikwama. "Ndikumangani kumaso, Ababa. Sayansi siifuna maso."

Kuti mpango ukhale bwino panafunika kuvula magalasi. Ndipo poyambira panafunika chizindikiro, koma pabwalo lonselo panalibe ngakhale mwala umodzi. Mwaona kale kumene maganizo anga analowera.

"Ndipatseni ndikusungireni," anatero mwana.

"Ayi. Akhale pomwepa. Ndikamaliza ndingowerama n'kuwatola, uone wekha."

Ndinawapinda bwinobwino n'kuwagoneka paudzu. Akuluakulu amati fodya n'uyu ali pamphuno. Mwambi umenewu ndinkaudziwa kuyambira ndili mwana, koma sindinaganizepo kuti umakhudzanso magalasi.

Tinayamba. Ndalama zinkalira m'manja mwake, iye n'kufuula: kumanja, kumanja, kumbuyo, kutsogolo, kumanzere, kumbuyo. Ankanditsata pambali akulemba, maso ali pakope. Munthu ukamangidwa kumaso n'kumayenda chonchi umamva ngati sukupita kulikonse, ukungopondaponda pamodzimodzi, ndipo zimenezi zinkandisangalatsa chifukwa ndi zomwe ndinkanena.

Pa sitepe ya 60 ndi chakuti, bondo langa linagunda chinthu chofewa, chinthucho n'kunena kuti, "Aa, madala, bwanji kodi?"

Anali mnyamata ndi chibwenzi chake, atakhala paudzu. Ndinapepesa ndili chimangidwire. Ndinamunong'oneza mwana wanga kuti bwanji sunandichenjeze. Iye anati ndalama inanena kumanja, ndipo akayamba kusankha yekha ndiye kuti si chisawawanso. Mawu ake ankanjenjemera ngati munthu amene akulimbana ndi phwete.

Titakwana 100 anandiimitsa. "Ababa, mwatha. Muli masitepe 7 kumanja, 5 kutsogolo. Kuwongola ndi pafupifupi 9. Magalasi ndikuwaona uko akunyezimira. Tikatenge tizipita."

Apa m'pamene ndinalakwitsa kwenikweni, ndipo ndikufuna mumvetse kuti ndinalakwitsa mwanzeru. Ndinakumbukira kuti avereji imafuna kuchuluka. Ukaponya ndalama ka 10 ukhoza kupeza mitu 7, koma ukaponya ka 1,000 gawo la mitu limayandikira theka. Zimenezi n'zoona. Ndiye ndinaganiza kuti masitepe 100 achepa, tikawonjezera ndidzakokeredwa pakati ngati mbuzi yapachingwe. Chimene sindinkadziwa n'chakuti gawo likamayandikira theka, kusiyana kwenikweni pakati pa mitu ndi mbali inayo kumakhala kukukula. Mitu 7 pa 10 ndi kusiyana kwa 4. Mitu 510 pa 1,000 ikuoneka ngati theka ndithu, koma kusiyana kwake ndi 20. Ndipo miyendo siiyenda maperesenti, imayenda kusiyanako.

"Tifike 400," ndinalamula.

Anthu awiri aja ndinawapondanso tisanafike 200. Anadzuka mwaulemu n'kukakhala pena, chapatali ndithu. Ndalama sinawamvere chisoni. Titapitirira 300 ndinabwerera chambuyo kanayi motsatizana n'kukhala pansi pa chikwama cha mtsikanayo, thi! Mnyamata uja anandidzutsa pondigwira mapewa, ndipo m'mawu mwake ulemu unali utatsala pang'ono.

"Achikulire, tiuzeni zoona. Akutumani ndi bambo ake?"

"Pepani achimwene, ndi masamu."

"Masamu ake ati ofuna ife tokhatokha bwalo lonseli?"

Ndinalibe yankho nthawi imeneyo. Ndinalipeza patapita masiku, ndikuwerenga foni itagunda pamphuno. Katswiri wa masamu wochokera ku Hungary, George Pólya, akukhala ku Zürich, ankakonda kuyenda m'nkhalango akusinkhasinkha. Tsiku lina anakumana ndi wophunzira wina ali ndi bwenzi lake, anapatukana, anakumananso, n'kukumananso, mpaka iye kuchita manyazi poopa kuti amuyesa kazitape. Manyazi amenewo anamutuma kufufuza, ndipo mu 1921 anatsimikizira kuti woyenda mwachisawawa pamzere kapena pabwalo lathyathyathya, akapitiriza osaleka, adzafikanso pomwe anayambira, mosakayika konse. Poyambira pokha ayi: paliponse pabwalopo adzapondapo, mobwerezabwereza. Kusiyana kwa ine ndi Pólya n'kwakuti iye manyazi ake anabala chiphunzitso, anga anabala tepi yakuda.

Pa 400 ndinamasula mpango. Ndinayamba ndaganiza kuti sunamasuke. Dzuwa linali litalowa, ndipo ine popanda magalasi ngakhale masana munthu ndimamuzindikira ndi mawu. Ndinawerama monyadira n'kupapasa pansi. Udzu. Ndinapapasa kumanja. Udzu.

"Ali kuti?"

"Sindikudziwa, Ababa. Ine ndimayang'ana ndalama."

Komabe mwanayo ndi wanzeru kuposa bambo ake. Anayandikitsa kope kumaso n'kuwerenga mizere yake: kumanja 112, kumanzere 95, kutsogolo 103, kumbuyo 90. Ndiye kuti masitepe 17 kumanja, 13 kutsogolo. Anachulukitsa 17 ndi 17, 13 ndi 13, anaphatikiza n'kupeza 458, nati kuwongola ndi masitepe 21 ndi kachidutswa. Taonani manambala atatu a ulendo umodzi: miyendo yanga inayenda masitepe 400, thupi langa linasuntha 21, ndipo avereji imene ndinkaikhulupirira inali idakali pa ziro, kumene ine kunalibe.

"Musadandaule," anatero. "Pitani 17 kumanzere, 13 chambuyo, muwapeza."

Ndinapita. Sitinawapeze. Pakope masitepe onse ndi ofanana, koma pabwalo sitepe yachammbali ya munthu wamimba siifanana ndi yakutsogolo, ndipo yachambuyo imakhala ya munthu wamantha. Kuwonjezera apo, mnyamata uja pondidzutsa anandiimika nditayang'ana kwina, ndipo palibe anazindikira. Ngakhale iye akanapanda kundikhudza, bwenzi nditapotoka ndekha. Mu 2009 ofufuza a ku Max Planck Institute mumzinda wa Tübingen ku Germany anamanga anthu kumaso n'kuwauza kuti ayende mowongoka. Ambiri ankakhota osadziwa, ena mpaka kuzungulira kabwalo ka mamita 20 okha m'mimba mwake, mumtima akukhulupirira kuti akuwongola.

Tinagwada n'kuyamba kukwawa. Udzudzu, umene Pearson ankauganizira kuti umayenda mwachisawawa, unatipeza mosaphonya ngakhale sitepe imodzi. Tili chikwawire, ndinamufunsa mwanayo, modzichepetsa tsopano, chifukwa chimene munthu amatalikira pamene kumanja ndi kumanzere kuli kofanana.

Anafotokoza ali chogwada. "Tiyerekeze muli pamzere, masitepe 5 kuchokera poyambira. Ndalama ikupititsani pa 6 kapena pa 4. Musayang'ane manambalawo, yang'anani mukawachulukitsa ndi iwo eni. 6 ndi 6 ndi 36. 4 ndi 4 ndi 16. Pakati pa 36 ndi 16 ndi 26. Inu munali pa 5 ndi 5, amene ndi 25. Mwaona? Yakwera ndi 1. Yesani nambala ina iliyonse, imakwera ndi 1 basi. Ndiye mukayenda masitepe 100 nambala imeneyo imafika 100 pa avereji, ndipo kutalika kwake ndi square root ya 100, kutanthauza nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe mupeza 100, amene ndi 10. Mukayenda 400, ndi 20."

Ndinayesa ndi 3 mumtima: 16 ndi 4, pakati pake 10, pomwe ndinali pa 9. Zinatheka. Zinandipweteka kuti zinatheka.

Lamulo lake ndi laulesi koma louma mutu. Kuti utalikire kawiri uyenera kuyenda kanayi. Masitepe 10,000 amakufikitsa pa 100 okha. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha chifukwa ankadumphira kumodzi. Akanamaponya ndalama, bwenzi mpaka pano ali m'munda womwewo. Avereji yeniyeni ya kutalika imacheperako pang'ono: pamzere ndi pafupifupi 8 pa masitepe 100, monga buku linanenera, ndipo pabwalo ndi pafupifupi 9 pa 100, ndi 18 pa 400. Ndiye kuti 9 wanga uja anali wa m'buku ndendende, ndipo 21 sanali tsoka lachilendo. Lamulo lomweli ndi limene Albert Einstein anapeza mu 1905 pofotokoza kunjenjemera kwa tinthu ting'onoting'ono m'madzi, kumene katswiri wa zomera, Robert Brown, anaona mu 1827 pa tizidutswa totuluka mu mungu wa maluwa. Zinanditonthozako pang'ono kumva kuti ndinayenda monga amayendera fumbi.

"Nanga Pearson uja ananama?"

"Sananame. Mukati musankhe malo amodzi okha, poyambira ndi pamene pali mwayi waukulu. Koma malo enawo ndi ambirimbiri. Bwalo la masitepe 20 mbali zonse kuchokera pakati lili ndi malo oponda opitirira 1,200." Kunyumba tinadzawerengera bwino: mwayi woti ndithere pa magalasi penipeni unali 1 mwa 158 pa masitepe 100, ndipo pa masitepe 400 unatsika kufika pafupifupi 1 mwa 630. Powonjezera masitepe ndinadzichepetsera mwayi kanayi, ndikudzitama.

Kenako kuwala kwa tochi kunatimenya kumaso. Anali alonda a pabwalopo, bambo achikulire a chijasi chachitali.

"Bwana, mwamwa zingati?"

"Sindimwa, abambo."

"Ine ndakhala ndikukuonani kuyambira dzuwa lili apo. Pantchito inoyi ndaona oledzera amitundumitundu, koma woledzera woyenda ndi mlembi wake ndamuona lero."

Mwana wanga anagona paudzu ndi kuseka. Ine ndinafotokoza zonse: ndalama, Pearson, avereji, magalasi. Alondawo anamvetsera mwachifatse, akugwedeza mutu ngati adokotala, kenako anavomera kutithandiza. Tochi yawo inali ya mabatire otopa, inkawala ngati chiphaniphani chodwala, ndipo inkafuna kuimenya pachikhatho kuti idzuke. Tinayendayenda atatu, uku ndi uku, opanda dongosolo, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti kufufuza kwathuko kunalinso kuyenda kwachisawawa, kungoti kopanda kope. Malo ena tinawaunika kasanu, ena sitinawafike n'komwe.

Mwanayo, amene za Pólya anali ataziphunzira kale m'kalasi koma osandiuza, anati tisataye mtima, masamu akutsimikiza kuti tidzafikapo. Ndinafunsa kuti liti. Anati pamenepo ndiye povuta: kufika n'kotsimikizika, koma nthawi yodikira, ukaiwerengera pa avereji, ilibe malire. Anawonjezera kuti tithokoze kuti sitiuluka, chifukwa kwa chinthu chotha kupitanso m'mwamba ndi pansi mwayi wobwerera ndi pafupifupi 34 pa 100 basi. Alonda anati iwo amaweruka 6 koloko m'mawa, zopanda malirezo tikambirane ndi wa masana.

Titatha pafupifupi ola, tinagwirizana zosiya, tidzabwere kukacha. Anthu awiri aja anali atapita kalekale, mwina kukafuna malo a mpanda. Tisanatsanzikane, alondawo anati pali chimodzi chimene sanamvetse.

"Kumanja ndi kumanzere ndamva. Koma chambuyo mumayenda bwanji osatembenuka, munthu wamkulu ngati inu?"

Mtima wa uphunzitsi unandibwerera. Ndinaimirira mowongoka, ndinakweza chibwano. "N'zosavuta, abambo. Nkhope kutsogolo. Ndalama zonse zagwa mbali inayo. Ndiye mumangotenga phazi lamanja, chonchi, n'kuliponya kumbu..."

Thyo!

Tonse atatu tinangoti zii. Alonda anamenya tochi pachikhatho n'kuunika pansi pa chidendene changa.

"Ababa," anatero mwana wanga motsitsa mawu, "mwabwerera pa ziro."

Anathyokera pakati penipeni, pa kamlatho kokhala pamphuno. Magalasi enieniwo sanasweke, udzu unawateteza. Ndinayenda ulendo wobwerera kunyumba mwana atandigwira dzanja, chidutswa chimodzi m'thumba lakumanja, china lakumanzere, ndipo panjira ndinamupempha kuti kwa amayi ake tikangonena kuti anagwa. Anavomera. Atangotsegula chitseko anayamba ndi "Amayi, simungakhulupirire," ndipo sanasiye ngakhale chikwama cha mtsikana uja.

Amayi akunyumba sanaseke. Anatenga zidutswa ziwirizo, anaika chimodzi kumapeto kwa tebulo kumanja, china kumapeto kumanzere, kenako anandikokera mpando pakati.

"Khalani apa, abambo. Pa avereji ali pamphuno panu. Tiwerengereni nyuzi."